Mizere Iwiri Yopanda Kanthu

9 Febuluwale

Amayi,

Muli bwanji kumeneko? Masowo akukuvutitsanibe? Ine kuno ndili bwino, chimfine chija chinatha, kungoti nthunzi ya kuntchito imandiumitsa kukhosi. Moni kwa azakhali, moninso kwa iwe mlongo wanga Nambalawani amene ukuwawerengera amayiwe. Werenga pang'onopang'ono, ndipo usamadumphe mizere yomwe ndakudzudzula, ndimakudziwa.

Ntchito ndi yomwe ija yochapa ndi kusita, koma anandichotsa ku mabedishiti a mahotela, pano ndili pa makina ositira. Amayi, mukanaona zovala zomwe zimabwera Lolemba lililonse kuchokera ku sukulu ina yogonera komweko. Majekete abuluu, mabatani onyezimira, ndipo m'kolala mwa jekete iliyonse anasokeramo kansalu kolembedwa dzina la mwana. Kamwana kosatha n'kupukuta mphuno komwe, dzina lili m'kolala ngati bwana. Ndimasita uku ndikuwerenga mayinawo mpaka a kapitao amandifunsa ngati anandilemba ntchito yowerenga.

Ndiye nkhani ya fomu ya sekondale mwanenayo. Mwati ili ndi mizere itatu, mwana alembe sukulu zitatu. Ine ndikuti alembe imodzi basi, ya pamtunda ija, yoposa zonse. Mizere iwiri inayo ikhale yoyera. Mkulu wina amene ndimasita naye, timamutcha Sitima chifukwa cha mmene amapumira, wandifotokozera bwinobwino. Akuti osankha aja ndi ochenjera. Akaona mwana walemba pogwera amati uyu ali nako kolowera, n'kumukankhira komweko, malo abwinowo n'kupatsa amene alibe kwina. Mapanga awiri avumbwitsa, Amayi. Mwana woti chiyambire sukulu sanakhalepo kumbuyo kwa munthu azifunira chiyani pogwera? Akugwa ndani?

Ndalama ya fomu ndi ya mankhwala a m'maso ndapatsira a dalaivala pamodzi ndi kalatayi. Denga la kukhitchini lidikire kaye, zinthu kuno zakwera, sopo weniweniyu ndimachita kumudula pawiri.

Ndine mwana wanu.

3 Malichi

Amayi,

Ndasangalala kumva kuti mankhwala akuthandizako. Ine ndilipo. Tinasamuka chipinda, tili anayi tsopano, zifukwa zake ndidzakuuzani pamaso.

Koma kalata yanu yandikhumudwitsa. Mwati ahedi a ku pulayimale akuti mizere yonse idzaze, pachiwiri alembe sukulu ya kunjanji, pachitatu yoyendera ya pafupi ndi msika. Ndawerenga kawiri kuganiza kuti maso anga ndiwo adwala. Kunjanji? Amayi, kumene kuja nsikidzi ndi zomwe zimalandira ana pageti, n'kuwanyamulira masutikesi mpaka kuhositelo. Mwana amapita ali ndi magazi ake, pobwera holide ali mbuu ngati choko. Mayeso akatuluka zimakhoza ndi nsikidzi, poti ndi zomwe zimachezera pa mabuku. Ndipo akuti matroni wake amangokhala pampando pakhonde, makiyi m'chiuno, kusinza, sitima ikalira ndi pomwe amadzidzimuka n'kufunsa ngati kwacha. Mwana wanu mukufuna akaleredwe ndi munthu ameneyo?

Ahedi ndimawalemekeza, anandiphunzitsa. Koma iwo chomwe akufuna n'chakuti mwana aliyense apeze pokhala, kuti buku lawo lioneke bwino. Ine ndikufuna mlongo wanga apeze malo ake. Komanso, pepani kunena, fizi adzalipire ndi ine, si ahedi. Ndimaima pa makina otentha kuyambira m'mawa mpaka miyendo kutupa, sindikuimira nsikidzi ayi.

Mwati Nambalawani akupita kukakhala kwa azakhali mpaka mayeso, poti kumeneko kuli magetsi. Zili bwino. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani asananyamuke, awerenge yekha, amve kuti achimwene ake samukayikira. Iwe, mzere umodzi. Usaope. Amene akuopa ndi amene amalemba katatu.

Mumugulire nyali ya batire, magetsi amathima. Azidya asanawerenge.

Mwana wanu.

12 Epulo

Amayi,

Moni wa chimwemwe. Muli bwanji? Ine ndili bwino, kupatula dzanja lamanzere lomwe ndinaliwotcha pang'ono pa makina. Si zoti mudandaule, ndikugwira ntchito ndithu, a kapitao sanaone.

Zikomo pondimvera. Mwati fomu yapita ndi dzina limodzi, ndipo ahedi anangogwedeza mutu n'kudinda. Agwedeze, adzagwedezanso tsiku lomuperekeza. Mwatinso Nambalawani anafunsa kawiri ngati achimwene atsimikiza. Mumuuze kuti ndatsimikiza katatu.

Kodi kalata yanuyi wakulemberani ndani? Dzanja lake ndi lachilendo, zilembo zoima bwino ngati za pa satifiketi. Mwangoti aneba atsopano omwe alowa m'nyumba ya kumbuyo ija. Muwathokoze kwambiri, anthu ophunzira ngati amenewo ndi ofunika kukhala nawo pafupi.

Kuno aliyense akudziwa. Mayi wina wosoka mabatani kuntchito kwathu ndinamupempha kuti andipangire tinsalu ta dzina tija. Anafunsa kuti, "Mwanayo amutenga kale?" Ine ndinati, "Kwatsala n'kungolengeza." Iye anati, "Ndiye tidikire alengeze." Sitima anamva n'kulowerera, amvekere, "Sokani mayi, mlongo wake wa uyu mutu wake ndi kompyuta." Wandisokera tambiri, ulusi wofiira, dzina lake lonse ndi la abambo. Ndatisunga m'envelopu pansi pa pilo. Anzanga a m'chipinda tsopano akunditcha Alamu, aliyense akuti adzakwatira dokotala. Ndawauza kuti ayambe aphunzira kuchapa masokosi.

Za intavyu ya pamtunda: avale diresi loyera lija, nsapato azipukute, akafunsidwa aziyang'ana munthu kumaso, asamayang'ane pansi ngati waba. Akamufunsa kuti bwanji unalemba sukulu imodzi, anene kuti chifukwa ndi imodzi yomwe ndikuyifuna. Yankho limenelo lokha ndi malikisi.

Ya thiransipoti ili m'katimu. Mupite naye inuyo, azakhali amalankhulitsa.

Mwana wanu.

20 Julayi

Amayi,

Ndili bwino. Ndikhulupirira inunso muli bwino.

Kalata yanu ndaiwerenga nditaimirira pageti la kuntchito. Sindikumvetsa. Mwati wakhoza bwino kuposa onse a pasukulu pawo, komano pamtunda sanamutenge, amuika pa mndandanda wa odikira. Kudikira chiyani? Ndiye kuti alipo ana ena ochokera kwina amene anamuposa, chabwino, dziko ndi lalikulu, koma onsewo?

Musataye mtima. Odikira amatengedwa. Ena mwa osankhidwawo fizi idzawakanika, ena adzapita kwina. Sitima akuti zimachitika chaka chilichonse. Muzipita kukafunsa ku ofesi yawo, azikuonani nkhope.

Mwati anzake onse a kalasi yake ali ndi malo, ngakhale mtsikana uja ankakopera masamu kwa iye wapita kunjanji. Zimenezo zisamusokoneze. Anthu akafunsa muzingoti tikudikira kalata.

Bwanji sanalembeko mzere m'munsi ngati kale? Akudya?

Kuno sindinauze munthu kupatula Sitima.

Mwana wanu.

18 Ogasiti

Amayi,

Moni. Za thanzi langa ndilibe chodandaula. Kalatayi ndayiyamba kangapo n'kung'amba, mapepala atsala pang'ono kutha, ndiye iyi ipite mmene ilili.

Ndamva. Pamtunda atseka, odikira anatengapo ochepa, iye sanafikidwe. Yoyendera ya kumsika nayonso yadzaza ndi omwe anailemba. Mwati kwatsala n'kukapempha kunjanji, ndipo ahedi a kumeneko salandira pempho popanda kalata ya amene amalipira fizi, yofotokoza chifukwa chomwe sukulu yawo sinalembedwe pa fomu. Ndiye kuti ine.

Koma Amayi, zinazi bwanji simunandiuze kale? Aneba a dzanja labwino aja ndi a matroni a kunjanji? Kalata yanga ya Malichi inakupezani Nambalawani atapita kale kwa azakhali, inu n'kukagogoda kumbuyo kuti akuwerengereni. Ndakhala pa bedi kuyesa kukumbukira mawu onse omwe ndinalemba, ndipo tsoka lake ndikuwakumbukira onse. Mwati atafika pa nsikidzi munawagwira dzanja kuti asiye, iwo n'kunena kuti, "Ayi mayi, timalize, mwanayu amalemba bwino." Anawerenga za makiyi m'chiuno ndi pakamwa pawo. Kenako n'kukhala pansi kukulemberani yankho londiuza kuti mwandimvera. Ndipo ine n'kumatuma moni kuti muwathokoze.

Lero kuntchito ndinawotcha kolala ya jekete. Ndinangoiwala makina ali chotseka. Andidula pa malipiro, ndiye za mwezi uno zichepa.

Ndinamufunsa Sitima kuti ana ake aja analemba sukulu zingati. Anati, "Atatu onse analemba zitatuzitatu, mayi awo ndi wamantha." Ndinati, "Nanga zija munandiuza?" Anati, "Ine ndinati ndinamva, mphwanga. Sindinati ndinayesa." Sindingamukwiyire. Iye anangolankhula pa nthawi ya tiyi, wolemba kalata ndinali ine.

Popeza ndikudziwa tsopano amene akuwerenga, ndiloleni Amayi ndilankhule nawo.

Mayi matroni, ndagwira mwendo wanu. Kusukulu kwanu sindinaloweko chibadwire, ndimangoona mpanda ndikamadutsa pa basi. Za nsikidzi ndinazimva kwa anyamata, zina ndinawonjezera ndekha kuti amayi aseke n'kundimvera. Za inuyo ndinapeka zonse, sindikudziwani n'komwe nkhope. Musamuwerengere mwanayo mlandu wanga. Iye sananyozepo sukulu ya munthu, ndipo anafunsa kawiri. Kalata ya kwa ahedi ndaika m'envelopu yakeyake, sindinamate. Muiwerenge, ngati muli mawu olakwika mufufute, inu mukudziwa mmene iwo amafunira. Ndalembamo zoona, kuti sukulu yanu sinalembedwe chifukwa mchimwene wake ndi wodzimva.

Ngakhale bedi la pafupi ndi chitseko, ngakhale pansi, matiresi ndigula ine.

Mwana wanu, Amayi.

29 Seputembala

Amayi,

Muli bwanji? Mwati maso ayambanso kuchita chifunga madzulo. Musasiye mankhwala, ndatumiza ena. Ine ndilipo. Anandibwezera ku mabedishiti chifukwa cha jekete ija, ndipo kunena zoona ndapumako, majekete aja ndinali nditayamba kuwasita ndikuyang'ana kumbali.

Yankho ndalimva. Mwati a matroni anapita okha kwa ahedi, anakalowa kawiri, koma hositelo yadzaza mpaka ana ena akugona awiri bedi limodzi, ndipo odikira awo, omwe anailemba sukuluyo pa fomu, akadalipo. Sakanadumpha amenewo n'kutenga wathu. N'zoona. Ine ndikanakhala mchimwene wa mmodzi wa amenewo ndikanalusa.

Ndiye abwereza kalasi. Mawu amenewa ndawalemba n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Mwati tsiku lotsegulira anavala yunifolomu yakale ija, yomwe munali mutaipinda kale kuti mupatse mwana wa azakhali, ndipo munachita kumasula mpendero. Mwati akukhala ndi ana omwe chaka chatha ankawalondera phokoso, ndipo ena akumutcha Agogo. Nanga anzake aja ponyamuka ndi masutikesi, iye anali kuti? Simunanene. Mwina ndi bwino.

Mzere wa m'munsi uja ndauona, Mayi matroni. "Nsikidzi zikupereka moni, zikuti chaka chamawa malo alipo akatilemba." Ndinaseka, kenako ndinapita kuseri kwa makina ochapira komwe kuli phokoso. Zikomo. Muzibwezere moni.

Anzanga a m'chipinda ndawauza. Ndinazengereza milungu yambiri, akafunsa ndimangoti zikuyenda. Lamlungu wina tikuchapa, mmodzi wa iwo, wamtali, anati, "Alamu, dokotala wathu wayamba liti?" Ndinati sanamutenge, abwereza, ndipo wamulakwitsa ndine. Kenako anati, "Ndiye ukwati wachedwa ndi chaka," n'kundipatsa sopo wake. Chiyambire tsiku limenelo palibe wanditchanso Alamu, ndipo zimenezo zikundipweteka kuposa akanamanditcha. Mayi wosoka uja sanafunse kanthu. Timangopatsana moni.

Mwati ndisamutchenso Nambalawani, wakana dzinalo. Ndamva. Nanga ndizimutcha ndani? Ndamulembera kalata yakeyake kawiri, sanayankhe. Musamukakamize. Mungondiuza ngati anatsegula.

Denga lija likonzedwe mvula isanayambe, ndayesetsa mwezi uno. Mmisiri mumuuze asagule malata atsopano, angomata.

Mwana wanu.

11 Febuluwale

Amayi,

Moni wa chaka chatsopano, ngakhale wachedwa. Pepani kukhala chete, kuno kunali kovuta pang'ono ndi za mapepala a chilolezo chokhalira kuno, tinkangochoka kuntchito n'kulowa m'nyumba. Zadutsa. Ndili bwino, ndanenepako. Ndasangalala kumva kuti maso akuona bwino m'mawa, ndi kuti teremu yathayi mlongo wanga anakhozanso bwino, ngakhale mwati atalandira lipoti anangoliika pa tebulo.

Envelopu yaikulu ija a dalaivala andipatsa Lachisanu. Nditaona dzanja la mlongo wanga pamwamba ndinasamba m'manja kaye. Ndinaganiza kuti ndi kalata. Ndi fomu ya chaka chino. Mwati tsopano akufuna siginecha ya wolipira fizi, n'chifukwa chake yabwera kuno.

Mizere yonse itatu walemba yekha. Woyamba pamtunda, wachiwiri kunjanji, wachitatu yoyendera. Ndinadabwa kuti ya pamtunda akuifunabe, pambuyo pa zonsezi. Chaka chatha sindinamufunse n'komwe chomwe akufuna, ndinangomuuza.

Amayi, ndivomere, maganizo anandibwerera. Ndinayamba kuganiza kuti mwina kunjanji ikanakhala yoyamba, poti a matroni analonjeza, tisaputenso tsoka. Ndinafika potenga cholembera kuti ndimulembere kakalata ka malangizo. Ndili mkati ndinaona kapepala komwe anamata pakona ndi selotepi. Mawu ake oyamba kwa ine chichokere Julayi ndi awa:

"Achimwene, sainani pomwe ndaika mtanda. Kwina konse musakhudze."

Kakalata kanga ndinakang'amba. Ndinapita pa tebulo lopindira mabedishiti, pomwe ndi posalala, ndinapempha Sitima kuti agwire pepala lisasunthe, iye n'kunena kuti, "Koma mphwanga, ine ndikuona ngati..." Ndinati, "Akulu, gwirani pepala."

Ndasaina pa mtanda. Fomu ili m'pulasitiki kuti isanyowe, mukalandira mumupatse m'manja. Mumuuze kuti sindinakhudze.

Mwana wanu.